Tinsanza ta pa Chigwafa

Chaka chimene fakitale ya nsalu inayamba kupeta anthu ngati madeya, Kafue yense anasanduka mlimi wa tomato. Munthu woti moyo wake wonse khasu ankangolionera m'manja mwa ena, akangouzidwa kuti ntchito yatha, mawa lake wagula kapaketi ka mbewu ndi chipewa chachikulu, wakapempha kamunda ku Shimabala, basi wayamba kulankhula za mabokosi ndi za msika wa ku Lusaka ngati anabadwira m'dimba. Tomato wawoyo anali wofiira psuu, wobulungira, wofanana ngati ana a sukulu pamzere, ndiponso wolimba moti ukanagenda naye galu, n'kumutola, n'kukamugulitsabe. Koma umuike mumphika uone. Madzi okhaokha, ndi timakungu toyandama pamwamba ngati tamanyazi.

Winfrida wa ku Nangongwe, amene anansi ankamutchula Bamake Daliso, ankawayang'ana alimi atsopanowo akudutsa ndi mawilibala awo n'kungopotoza mlomo. Iye anali ndi wake tomato kuseri kwa nyumba, mabedi awiri pakati pa bafa ndi mpanda, omwe ankamwa madzi otsukira mbale ndi osambitsira mwana. Dzina lake anali Chigwafa, chifukwa sankafiira ngati anzake. Akapsa ankangofika pa mtundu wa m'kati mwa gwafa n'kuima pomwepo. Kukongola ayi, sanakongole. Anali wamkulu ngati nkhonya ya mwamuna, wopindikapindika, wong'aluka m'mapewa, wa khungu lopyapyala loti chala chikangokanikiza chasiya dzenje. Ndiye masamba ake! Sanali odukaduka ngati a tomato wina aliyense. Anali aakulu, osalala m'mbali, enieni a mbatatesi, moti alendo ankafunsa kuti, “Mbatatesi izi mukumba liti?”

Koma mmodzi yekha, kumudula mu tinsomba ta kapenta, mphika unkakhuthala, msuzi n'kumatirira ku nshima, kutsekemera kwake kukulimbana ndi kakuwawasa kakutali. Saladi, mafuta ophikira aja, sankafunika n'komwe, ndipo amenewo anali masiku oti saladi ankagulidwa ndi sipuni pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa njira, wogulitsa akuyang'anitsitsa kuti dontho lisapitirire. Ena ankati Winfrida amakonda Chigwafa chifukwa chokumbukira malemu atate ake. Iye ankati kukumbukira sikudyedwa. Ankamukonda chifukwa ndi amene ankachititsa kuti chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu ya masiku onse, chitsike pakhosi.

Mbewuyo anabwera nayo ndi atate akewo, Ba Fackson, kuchokera ku Petauke, itamatirira pa kansalu m'thumba la jekete, pamene ankabwera kudzagwira ntchito ya njanji. Anailima kuseri kwa nyumba za njanji mpaka imfa. Amene analowa m'nyumbamo pambuyo pake anathira simenti pabwalo ponse. Winfrida anayesapo kugawira anansi mbande, koma onse ankayankha chimodzimodzi: “Uyu poyenda ku Lusaka sangafike na pa Chilanga, aphwanyika mu bokosi.” Ndiye chaka chathachi makoswe analowa m'chitini n'kudya nsalu ya mbewu pafupifupi yonse. Timbewu totsalato anafesa tonse. Kunena kwina, Chigwafa yense amene Winfrida ankamudziwa pa dziko lapansi anali pa mabedi awiri aja, ndipo akanalephera kusunga mbewu chaka chino, nkhani yake inali yothera pomwepo.

Kusunga kwake kunali kwa Ba Fackson. Pa tsinde lililonse lamphamvu ankasankha tomato mmodzi wamkulu, n'kumanga kansanza kofiira pa kamtengo kake. Kansanzako kankauza aliyense wa pakhomo kuti uyu si wa mphika, ndi wa mbewu, asiyidwe mpaka afewe ndithu. Tinsanzato Winfrida ankang'amba ku zidutswa za nsalu zimene mwamuna wake Yotamu ankabwera nazo kuchokera ku fakitale.

Yotamu zaka zonsezi anali asanationepo. Nyumba ankaidziwa kuchokera pakhomo kufika pa tebulo, kuchokera pa tebulo kufika pa bedi, ndipo ngakhale popita kubafa ankadutsa pa mabediwo maso ali m'mwamba ngati bwana woyendera. Koma munthu akachotsedwa ntchito maso amamera. Tsopano ankakhala tsiku lonse pa mpando kuseri kwa nyumba kudikira mabenefiti, ndalama zosiyira ntchito, amene sankabwera, ndipo tsiku lina dzanja lake linapita pa tomato wamkulu kuposa onse.

“Siyani uyo!” anakuwa Winfrida ali pa beseni la zochapa.

“Ah, si wapsa uyu?”

“Simuona kansanza? Ni wa mbewu. Tengani winangu.”

“Pa nyumba yanga nizipempha chilolezo kuli kansanza?”

“Batate Daliso, mukadya uyo, chaka chamawa muzadya chani? Mabenefiti?”

Yotamu anabweza dzanja, koma mawuwo anamukhala pakhosi ngati munga wa nsomba.

Nthawi yomweyo n'kuti atayamba kupita ku kampingo katsopano kamene kankasonkhana m'kalasi ya pasukulu. Timipingo totere tinamera chaka chimenecho ngati bowa pa chulu. Aka mwini wake anali Ba Pasita Elijah, mnyamata amene dzana lomweli ankalendewera pa chitseko cha minibasi akukuwa “Lusaka! Lusaka!” Mawu okuwirawo anali nawobe, anangosintha kokwezera anthu. Ankavala suti ya salaula, ya pa kaunjika, ya manja ofika ku zala, ndipo mkazi wake Purity, amene Winfrida anakhala naye desiki imodzi ku pulaimale n'kumamukopetsa masamu, tsopano sankayankha ukapanda kunena kuti Amai Busa.

Tsiku lina awiriwa anabwera kudzapempherera nyumba ya Yotamu, ndipo anafika pa nthawi imene alendo otere amafika, nshima ikuphulidwa. Winfrida anawapatsa madzi osamba m'manja. Pemphero la chakudya linali lalifupi modabwitsa. Ba Pasita anapukuta mbale ya kapenta ndi mbamu yomaliza mpaka mbaleyo inawala, ndipo Purity, akunyambita chala, anatsamira kwa Winfrida.

“Mwaikamo chani, Bamake Daliso? Roiko?”

“Tomato chabe.”

“Awe, tomato ise tonse tigula.”

“Mugula mipila. Uyu ni tomato.”

Atakhuta, Ba Pasita anati mzimu ukuwatsogolera kuti azungulire nyumba. Winfrida anaganiza kuti mzimuwo ukufuna bafa. Koma anakaima pa mabedi aja, manja kumbuyo, n'kuyamba kupukusa mutu pang'onopang'ono.

“Ba Yotamu, bwelani muone. Ichi ni chani?”

“Ni tomato wa bakazi banga, Ba Pasita.”

“Tomato? Masamba ya mbatatesi. Mtundu wa gwafa. Chipatso cha tomato. Vinthu vitatu mu chinthu chimozi! Mulungu sasokoneza so, m'bale wanga.” Anawerama, n'kuloza kansanza ndi chala koma osakakhudza. “Nanga nsalu iyi yachoka kuti?”

“Ku nchito. N'nali kubwela nazo.”

Ba Pasita anatsinzina n'kuimba kamluzu kaatali.

“Nsalu ya ku nchito kwanu. Yomangiwa mfundo. Kuseli kwa nyumba yanu. Manje mukali kufunsa chifukwa chake nchito inasila? Mukali kufunsa chamene chagwila mabenefiti?”

Winfrida anaseka, poganiza kuti Yotamu asekanso. Yotamu sanaseke.

“Ba Pasita,” anatero Winfrida, “fakitale yachotsa theka la Kafue. Bonse aja nine n'nabamanga na tunsanza utu? Ba ku kampani ya feteleza nabo nine?”

“Sin'nakambe kuti ndimwe, mlongo wanga. Kapena imwe simuziba. Mbewu iyi munaitenga kuti?”

“Kuli batate banga.”

“Nabo?”

“Kumunzi.”

“Aha! Kumunzi.” Anatembenukira kwa Yotamu ngati munthu wapeza njoka m'thumba la ufa. “Mwamvela? Vinthu va makolo vimayenda so. Vimabisala mu tunthu tung'ono.”

“Batate banga banali ba kwaya ku Katolika,” anatero Winfrida, “ndipo mbale yamene mwapukuta ija munali vomwevo va makolo. Mumimba mukumvela bwanji?”

Purity anatsokomola. Ba Pasita anati mdani amalankhula mwanthabwala, ndipo anatsanzika.

Apa m'pamene Winfrida anaganiza molakwa. Anaona ngati ndi mawu a munthu wokhuta, oti atha ndi nshima ya m'mimbayo. Akanathyola a mbewu aja tsiku lomwelo, koma anali asanafewe bwino, ndipo mbewu ya tomato wosakhwima imamera mwaulesi ngati ikumera n'komwe. Anaganiza zowasiya masiku ochepa. M'masiku amenewo Yotamu anasiya kukhala kuseri kwa nyumba. Mpando anausamutsira kutsogolo. Ndiwo ankadyabe, n'kupemphanso zina, koma popita kubafa ankayenda chammbali ngati nkhanu, akunong'ona pemphero.

Tsiku la sikelo, Winfrida anakanikiza a tinsanza aja ndi chala m'mamawa n'kumva kuti tsopano afika. Anati awathyola akabwera, chifukwa kufinya mbewu kumafuna munthu wokhala pansi, osati wothamangira mzere. Anabereka Daliso n'kupita ku kiliniki. Mzere unali wautali, anamwino ankayenda ngati akuponda mazira, ndipo pobwerera dzuwa linali lili pamutu.

Utsi anauona asanakhote pa kanjira ka kwawo. Sanaulabadire, poti mwezi umenewo aliyense amatentha zinyalala. Kenaka anamva nyimbo, m'manja mukuombedwa, ndi mawu aja a pa minibasi ali pamwamba pa onse: “Masuka! Masuka!”

Kuseri kwa nyumba yake kunali anyamata ndi atsikana a mpingo, thukuta lili kamukamu, akupondaponda pamene panali mabedi. Dothi limene anakhala akulifewetsa ndi manyowa a nkhuku otola yekha linali gwaa ngati bwalo la mpira. Mitengo yochirikizira anaithyola n'kuisandutsa nkhuni. Pakati panali mulu wa masamba aja a mbatatesi, ukufuka utsi wachikasu, ukukana kuyaka, mnyamata wina akuuthira palafini wa m'nyali ya Winfrida yemwe. Pambali, pa fosholo, tinsanza tinali titapsa kale patokha. Yotamu anali atagwada, manja m'mwamba, nkhope ikuwala ngati munthu amene kalata yomuitana ku ntchito ili kale m'njira.

Anansi anali atatsamira pa mpanda kudikira kuti Bamake Daliso adzigwetse pansi. Sanadzigwetse. Kulira kuli ndi nthawi yake, ndipo sikubweza tomato. Anangomanganso chitenje cha mwana pachifuwa n'kudutsa pakati pa oimbawo ngati akudutsa pakati pa nkhuku.

“Mlongo wanga, lelo nyumba yanu yamasuka!” anatero Ba Pasita.

“Palafini uyo muzabweza,” anayankha, osawayang'ana.

Anatola ndodo n'kuyamba kufukula muluwo. Nyimbo inayamba kuzilala. Anatembenuza masamba, anafukula phulusa. Tomato wakupsa sapsa ngati pepala, amaphulika n'kusiya khungu ndi phala lake, ndipo mwina, anaganiza choncho, wina wagwera pambali moto usanamufike. Anapeza aawisi okhaokha, obiriwira, ena akuda mbali imodzi, ena ang'onoang'ono ngati maso a mbuzi. Wakupsa panalibe ngakhale mmodzi. Ngakhale khungu lake.

Anaimirira.

“Batate Daliso.”

Yotamu anatsegula diso limodzi.

“Yakupsa yali kuti? Yamene yanali na tunsanza?”

“Osakhudza ivo, iwe, vapemphelelewa.”

“Nafunsa yakupsa.”

“Ba Pasita bamasula mfundo imozi imozi,” anatero Yotamu monyadira, “ndiye Amai Busa bakamba ati va madzi sivingapse na moto, vifunika kutaya ku mtsinje. Bavilonga mu pulasitiki, bayenda navo.”

“Beka?”

“Bakamba ati ni nchito yoopsa, sibafuna munthu winangu akhudziwe.”

“Bayenda njila iti?”

Yotamu analoza. Kumene analozako kunalibe mtsinje. Kunali Kafue Estates, kumene Ba Pasita ankakhala.

Winfrida anaponya ndodo pa phulusa, n'kukoleka bwino paphewa kachikwama kake ka ku sikelo kamene anali asanakatule n'komwe.

“Muyenda kuti, mlongo?” anafunsa Ba Pasita, mawu atatsika pang'ono.

“Ku mtsinje.”

Anayenda ngati munthu wothamangira basi yomaliza. Fumbi linkamulowa m'mapatapata, Daliso akugwedezeka kumsana mpaka kugona. M'njira anakumana ndi mlimi wina watsopano akukankha wilibala ya tomato wobwerera ku msika wosagulidwa, akuitanira anthu ndi mawu otopa, koma anangomudutsa. Mutu wake unali pa chinthu chimodzi: mpeni wa Purity. Ankamudziwa Purity. Kuyambira ku sukulu sanali munthu wosunga chakudya mpaka mawa. Mbewu ikangolowa mumphika wotentha, ndiye kuti Ba Fackson anainyamula chabe kuchoka ku Petauke.

Ba Pasita ndi mkazi wawo ankachita lendi kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya munthu wina wogwira ntchito ku Lusaka. Winfrida sanafunikire kufunsa khomo. Fungo linamulandira pa geti, fungo loti akanalizindikira ngakhale atatsinzina pakati pa msika.

Purity anali pa kampando pafupi ndi mbaula, nsalu yoyera ya ku mapemphero ikadali pamutu, akutakasa mphika n'kumaimba pansipansi. Pulasitiki inali pansi, yopanda kanthu. Pa mbale ya pa miyendo yake panali tomato mmodzi wotsala, wodulidwa kale pakati, mpeni uli m'dzanja.

“Odi ku mtsinje!” anatero Winfrida.

Purity analumpha, mbale inapendekeka. Winfrida anaigwira isanagwe, ndipo sanaibwezenso.

“Bamake Daliso! Mwanidzidzimutsa. N'nali... n'nali pafupi kuyenda.”

“Nikuona. Mwayamba mwaviphika kuti ng'ona zisavutike kutafuna.”

“Simungamvetse va mzimu.”

“Purity, nipatse sipuni.”

“Nine Amai Busa.”

“Iwe ndiwe Purity wamene unali kudya ma fritasi ya banzako pa buleki. Sipuni.”

Purity anapereka sipuni. Winfrida anakhala pa sitepe, mwana akadali kumsana, n'kutulutsa thewera loyera m'kachikwama. Analiyala pa bondo. Chigwafa alibe mbewu zambiri ngati tomato wa m'mabokosi, ndi mnofu pafupifupi yense, timbewu timabisala m'timapanga ta m'mbali. Anakolowola kaphanga kalikonse ndi nsonga ya sipuni n'kupaka pa theweralo. Kenaka anapendeketsa mbale. Pansi pake panali madzi a onse amene anadulidwa kale, ndipo m'madzimo munkayandama timbewu tina. Anatitola ndi chala. Anayang'ana pa mpeni, napeza tina titamatirira. Anatembenuza pulasitiki ija, poti mmodzi anali ataphwanyikira momwemo m'njira, nakokolola zonse.

“Manje muzauza banthu?” anafunsa Purity ndi kamawu kakang'ono.

“Chotsa phazi, wapondapo imozi.”

Purity anachotsa phazi.

“Mvelani, Winfrida. Mu nyumba muno mulibe saladi kuchoka pa Sande. Va chopeleka vija muganiza ni vingati? Banthu bonse ni malova, baponya tuma koini. Nenze kuyangana tomato yabwino so, ati tiishoke pa moto? Mtima unanikana.”

“Mtima unakukana pa yakupsa. Pa mabedi yanga unavomela.”

Geti linalira. Analowa Ba Pasita, jekete lili pa mkono, akupuma mwaphuma, ndipo kumbuyo kwawo Yotamu, amene anatsatira poopa kuti mkazi wake akamenya Amai Busa n'kubwezeretsa tsoka limene langochotsedwa kumene. Onse awiri anaima. Mphika unkabwata bwatabwata, msuzi wokhuthala ukudumphira pa malasha, fungo litadzaza kabwalo konse. Mimba ya Yotamu, imene inasala kudya kuyambira m'mawa mwa lamulo la Ba Pasita, inalira mokweza moti onse anaimva.

“Ba Pasita,” anatero Yotamu, akuyang'ana mphika, “si vija ivi?”

Ba Pasita anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mphika, anayang'ana kumwamba. Munthu amene anakhalapo kondakitala sasowa chonena, ngakhale chenji atadya.

“M'bale wanga,” anatero, “chinthu chikapemphelelewa chimayela. Mphamvu inali mu mfundo. Mfundo tamasula, tashoka. Ichi manje ni chakudya chabe.”

“Ni chakudya chabe,” anavomera Purity msangamsanga.

“Ehe,” anatero Winfrida, osadzutsa mutu pa thewera. “Ndiye mukanamasula tunsanza, mwapemphelela mabedi, mwayasiya. Yonse yakanayela. Kapena pemphelo yanu imagwila chabe pa vamene vingakwane mu pulasitiki?”

Nkhuku ya eni nyumba inadutsa pakati pawo ikujompha pansi.

“Koma munakamba ati masamba...” anayamba Yotamu.

“Ba Yotamu, osalola mdani abweletse chikaiko pa tsiku ya chigonjetso. Khalani pansi, tidyele pamozi.”

Ndipo Yotamu, mwamuna wa ndevu zake, amene tsiku lomwelo anagwada pa manda a ndiwo za banja lake, anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Winfrida anamuyang'ana mpaka anawongokanso.

Anapinda thewera mosamala, mbali ya mbewu ili kunja kuti zisamatirirane. Anaimirira n'kusuzumira mumphika.

“Kapenta ni yanu,” anatero. “Tomato ni wanga. Palafini sin'naiwale, koma tiyambe na ivi. Purity, bweletsa kontena.”

“Winfrida, sungachite so...”

“Kwanga kulibe ndiwo. Munazishoka. Kapena niitane bampingo babwele batigawile? Bakali pa nyumba panga, baimba.”

Kontena inabwera. Winfrida anagawa yekha, ndipo sanagawe ngati Mkhristu. Anaitseka n'kuipereka kwa Yotamu.

“Nyamulani. Mukataya, mugone kuno kwa bamene banakumasulani.”

Yotamu anainyamula ndi manja awiri n'kutsogola, osatsanzika. Ba Pasita analowa m'nyumba kukapachika jekete ndipo sanatulukenso.

Pa geti Winfrida anaima padzuwa n'kuyang'anitsitsa theweralo. Timbewu tina mpeni unali utatidula pakati, tina tinali topyapyala, topanda kanthu m'kati. Koma tonenepa, tachikasu, tinalipo ndithu, tokwanira bedi limodzi ngati nkhuku ndi amuna atatisiya. Mbande zikanachedwa, zikanakumana ndi mvula, ndipo Chigwafa mvula amang'aluka nayo koposa. Ndiye kuti miyezi ingapo ya chibwabwa chamadzi. Dothi lija linafunikanso kuligaula kuyambira pachiyambi.

Anamva mapatapata kumbuyo. Anali Purity, akuyang'ana kukhomo ngati wakuba.

“Winfrida,” ananong'ona, “zikamela, unganipatseko tubili chabe? Nizabyala mu saka kuseli. Ba Pasita sibazaziba.”

Winfrida anamuyeza kuyambira pa nsalu yoyera ya kumutu mpaka ku mapatapata.

“Masamba yake siyabisika, Amai Busa.”

“Nizakamba ati ni mbatatesi.”

“Mawa m'mawa ubwele na khasu. Mabedi yamene munavinapo yafunika kugaula. Ukagaula, uzatunga madzi. Tubili tuzakambilana pambuyo.”

“Na khasu? Banthu bazaniona!”

“Lelo sibanakuone?”

Sanadikire yankho. Anayala thewera pamutu pake, mbewu zili pamwamba kuti ziyambe kuuma ndi kamphepo ka m'njira, nauyamba ulendo wa ku Nangongwe. Ankayenda khosi lili chilili ngati wasenza ndowa yodzaza, ndipo anthu amene ankakumana naye ankapatuka, akudabwa kuti mayiyu thewera walisenzeranji.